Anangondo ndi Chidindo cha Makolo

Mu Ufumu wa Ndimomwemo, kumene ine ndinabadwira ndipo ndikukalambira, timanyadira zinthu ziwiri, mfumu yathu ndi nyimbo zathu. Mfumu yathu ndi Sindilakwa Wachinayi, mwana wa Sindilakwa Wachitatu, ndipo mbiri ya banja lonselo ili m'dzinalo. Nyimbo zathu nazo n'zokoma, mwakuti alendo akazimva amaiwala kufunsa za misewu yathu, ndipo ife timaziimba mokweza pa chifukwa chomwecho. Nkhani ndikufuna kukambayi ndi ya nyimbo, ngakhale mfumu ilowamo chakumapeto.

Dzina langa ndine Sayimoni Kamzati, Mlembi wa Kaundula wa Nyimbo za Fuko. Udindowu ukumveka waukulu chifukwa simunaone ofesi yake. Ndi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya Bwalo la Nyimbo, momwe muli tebulo la miyendo itatu ndi theka, buku lalikulu la kaundula ndi zidindo ziwiri. Chidindo choyamba n'cholembedwa kuti WOPEKA, ndipo pansi pake pali mzere wolembapo dzina. Chachiwiri n'cholembedwa kuti YA MAKOLO, ndipo chilibe mzere uliwonse. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ntchito yanga inali yosankha pakati pa ziwirizi, ndipo ndinene modzitama kuti sindinkachedwa nayo. Munthu akaima pakhomo ndi nyimbo yake, ndinkangoyang'ana m'munsi. Ndikaona thalauza, dzanja linkapita kumanja. Ndikaona chitenje, linali litafika kale kumanzere. Nyimboyo sindinkaimvera, poti kumvera kumachedwetsa ntchito ya boma, ndipo anthu oyembekezera panja ankakhala ambiri.

Musandiweruze msanga, ndinkatsata lamulo. Lamulo la Nyimbo adakhazikitsa ndi Sindilakwa Woyamba ndipo lili ndi ndime zitatu. Yoyamba imati nyimbo amapeka ndi mwamuna, gawo la mkazi ndi kuvomera, kuvina ndi kuliza nthungululu. Yachiwiri imati nyimbo ikapezeka pakamwa pa mkazi ndiye kuti ndi ya makolo, mkaziyo wangoisunga monga mtsuko usungira madzi omwe sunapange. Yachitatu imati nyimbo ya makolo siletsedwa, sisinthidwa ndipo sifunsidwa tanthauzo, pakuti makolo salakwa. Kuti tisaiwale zimenezi, pamphambano ya likulu lathu la Khalanipansi pali chiboliboli chachikulu cha Mayi wa Fuko, atagwada, mtsuko uli pamutu. Wosema wake adaiwala kumusema pakamwa, ndipo padapita zaka khumi ndi ziwiri wina asanazindikire. Amene adazindikirayo anali mlendo, ndipo adangokhala masiku awiri m'dziko muno.

Anangondo anabwera ku ofesi kwanga Lolemba lina m'mwezi wa Meyi. Anali telala wapakhonde ku msika wa Tsitsaniko, mayi wamfupi wa zaka ngati makumi asanu, tepi yoyezera ili m'khosi ngati abwera kudzandiyeza ineyo. Ndinkawadziwa monga aliyense ankawadziwira. Ndiwo ankasoka zovala za amayi ovina pa zikondwerero za mfumu, ndipo adatchuka ndi luso lodula nsalu mwakuti nkhope ya mfumu isagwere pamalo pokhalira. Anapinda mawondo pang'ono popereka moni, ine ndinaona chitenje, dzanja langa n'kunyamuka.

"Dikirani, achimwene," anatero. "Sindinabwere ndi nyimbo yatsopano. Ndabwera kudzatenga yanga yomwe ili kale m'buku mwanumo."

Ankanena nyimbo ya Dzuwa la Sindilakwa. Imeneyi ndi nyimbo yomwe timaimba pa perete aliyense, yomwe ana amaphunzira asanadziwe kuwerenga. M'buku mwanga inalembedwa m'dzina la a Pulofesa Katolatola, Wopeka Wamkulu wa Mfumu, ndipo ndi yomwe idawapatsa chisoti cha nthenga chomwe sankavula ngakhale m'tchalitchi.

Anangondo anandifotokozera modekha. Anati nyimboyo anaipeka zaka zisanu m'mbuyomo, sabata itatha maliro a mng'ono wawo Mwandida, yemwe anamwalira pobereka. Anaipekera pamakina osokera, monga ankapekera nyimbo zawo zonse: mapazi akupalasa, makina akupereka mayendedwe, mawu akubwera okha. Inali yoimba pang'onopang'ono, ndipo inkanena za dzuwa lomwe lalowa masana. Tsikulo pabenchi lawo panali a Pulofesa, akudikira thalauza lawo. Patatha miyezi itatu anaimva pa wailesi, ikuthamanga ndi malipenga, dzuwa lija likutuluka tsopano m'malo molowa.

"Chaka chilichonse ndimasoka zovala zoti anthu akavinire maliro a mng'ono wanga," anatero. "Chisoti chawo cha nthenga sindikuchifuna. Ndikufuna dzina langa, Fanesi Nangondo, likhale pamzere umenewo."

Ine ndinakhosomola, n'kuwawerengera ndime zitatu zija ndi mawu anga owerengera lamulo, omwe amasiyana ndi mawu anga a kunyumba. Kenaka, chifukwa ndine munthu wachifundo, ndinawalangiza kuti nyimbo zina zam'tsogolo azitumiza amuna awo adzalembetse. Anayankha kuti amuna awo sangathe ngakhale kuliza mluzu woitana galu, ndipo msika wonse ukudziwa. Atatero anandipempha kuti ndiwerengenso ndime yachitatu. Ndinakondwa kuti pomaliza papezeka munthu woyamikira kawerengedwe kanga, ndipo ndinaiwerenga kawiri. Anathokoza n'kumapita.

Ndivomere pano kuti nkhani ya thalauza ndinkaidziwa. Tonse tinkaidziwa. Thalauza la a Pulofesa linkang'ambika Lachiwiri lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo m'mzinda wa atelala oposa makumi atatu linkasokedwa pakhonde limodzi lokha. Mayi wina wogulitsa tomato ankalumbira kuti adawaona kuseri kwa butchala akulikoka pamsomali. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. A Pulofesa adaipa ndithu, nyimbo osaidziwa, koma ankadziwa kumene imapezeka. Ife tinkaseka nkhaniyi pomwa tiyi, kenaka tsiku la perete n'kukawaombera m'manja, ndipo sitinkaona kuti pali chosemphana.

Patatha masabata awiri Anangondo anabweranso, pepala lili m'manja, nthawi ya chakudya chamasana itayandikira. Anati apeza nyimbo ndipo akufuna ilowe m'buku. Mawu akuti apeza anandikondweretsa kwambiri, ndinaona kuti uphungu wanga wagwira ntchito. Ndinadinda YA MAKOLO papepala lawo, ndinadindanso m'buku, n'kuwayamikira posunga chikhalidwe. Pepalalo sindinaliwerenge. Malinga ndi dongosolo lathu, nyimbo ya makolo ikangopezeka imatumizidwa ku Wailesi ya Ufumu kuti iziimbidwa m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu, komanso ku sukulu zonse. Ndinaitumiza tsiku lomwelo, chifukwa sindikonda kugonetsa ntchito patebulo.

Lachisanu m'mawa nkhani zitangotha, muulutsi analengeza kuti makolo atipatsanso mphatso ina. Ndinali ndikumanga zingwe za nsapato pomwe kwaya ya wailesi inayamba:

Thalauza la akulu aja
Ling'ambika Lachiwiri,
Abwera nalo pakhonde panga,
Achoka ndi nyimbo m'thumba.
Chigamba ndasoka ndine,
Nthenga avala ndi iwo.

Inali nyimbo yokoma moopsa. Inkalowa m'mutu ngati nsabwe m'msoko, ndipo ndinafika ku ntchito ndikuing'ung'udza ndekha.

Pofika masana msika wa Tsitsaniko unali utaigwira. Amayi ogulitsa usipa ankatsogolera, onyamula matumba ankavomera. Wogulitsa nyama anauza makasitomala ake kuti makolo athu anali ndi maso akuthwa. Mayi wa tomato uja anawonjezera kuti ankasunganso kalendala. Wina atafunsa kuti akulu a m'nyimbomo ndi ndani, anamukumbutsa kuti nyimbo ya makolo sifunsidwa tanthauzo, ndipo onse anavula zipewa mwaulemu. A Pulofesa anayamba kuvala mkanjo, ndipo Lachiwiri sankatuluka m'nyumba. Choipa kwambiri chinali chakuti chitsime chawo chinaphwa. Chikondwerero cha zaka makumi awiri ndi zisanu za mfumu pampando chinali pafupi, koma Wopeka Wamkulu analibe ngakhale mzere umodzi watsopano.

Bwalo la Nyimbo linakumana mwadzidzidzi. Wapampando anali a Kadzitame, Nduna ya Nyimbo ndi Kuwomba M'manja, ndipo chifukwa cha changu anachepetsa kuwomba m'manja kotsegulira kuti kukhale mphindi khumi zokha. Ine ndinaitanidwa kuti ndifotokoze. Ndinaima thukuta lili kamukamu, ndikudziwa kuti ntchito yanga yatha, n'kunena zoona zokhazokha: ndinaona chitenje, ndinadinda. Bwalo linakambirana ndipo linapeza kuti ndinachita bwino kwambiri, kotero kuti likanakhala ndi alembi khumi otere dziko likanapita patsogolo. Ndinakhala pansi ndikumva kukoma, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ndinakumva kwa nthawi yaitali.

Kenaka Bwalo linafika pa nyimbo. A Kadzitame anati iletsedwe, koma anakumbutsidwa ndime yachitatu. Khoswe anali atakhala pamkhate. Membala wina wophunzira ananena kuti nyimboyo singakhale ya makolo popeza makolo sankavala thalauza. Mnzake anamuyankha kuti umenewo ndi umboni woti makolo anali aneneri. Bwalo linasangalala ndi yankholi mpaka wina anafunsa ngati ndiye kuti ulosiwo wakwaniritsidwa, ndipo maso onse anatembenukira kwa a Pulofesa, omwe ankakonza nthenga za chisoti chawo ngati sakumva.

Pomaliza anagwirizana kuti wopeka nyimboyo amangidwe, popeza aliyense ankamudziwa. Mkulu wa apolisi anatulutsa chikalata chomangira munthu, n'kupempha kuti wina alembe dzina pamzere wakuti "Wopeka nyimbo yonyoza". Cholembera chinayenda dzanja ndi dzanja kuzungulira tebulo lonse. Aliyense anaona kuti kulemba dzina la mkazi pamzere umenewo ndi kugwetsa ndime yoyamba, ndipo ndimeyo ikagwa igwa ndi chiboliboli, chisoti, ndi theka la buku langa. Cholembera chinabwerera kwa mwini wake chili chotseka. Bwalo linasankha komiti yoti iunike nkhaniyi, kenaka linapita kokadya.

Anangondo sanadikire komitiyo. M'mawa mwake anakafika okha ku polisi atanyamula bulangete, mbale ndi sopo, n'kupempha kuti amangidwe. Apolisi anawauza kuti palibe mlandu. Iwo anayala chitenje pakhomo la polisi n'kukhala pomwepo akuimba. Tsiku loyamba apolisi anatseka mazenera. Tsiku lachiwiri anawapatsa tiyi n'kuwachonderera kuti azipita. Tsiku lachitatu mkulu wa apolisi anapeza anyamata ake akuvomera nyimboyo ali pamzere, ndipo anatumiza nkhaniyo ku khoti kuti ichoke pakhomo pake.

Mlandu wotere sunachitikepo chikhalire Ndimomwemo. Khoti linadzaza mpaka ena anakwera m'mazenera. Woweruza, a Chisinzo, atafunsa ngati akuvomera mlandu wopeka nyimbo yonyoza, Anangondo anavomera mokweza, n'kupempha kuti kalaliki alembe bwino, Fanesi Nangondo. Apa woimira boma analumpha. Kwa maola atatu anatuluka thukuta kutsimikizira khoti kuti woimbidwa mlanduyo ndi wosalakwa. Anaitana mboni zomwe zinanena kuti Anangondo ndi mayi wabwino, amagwada bwino, ndipo sanamvekepo kuti akuganiza. Anangondo nawo anaitana mboni zawo, amayi a mumsika, omwe analumbira kuti mayiyu ndi wolakwa kuyambira ali mtsikana. Anatchula nyimbo zomwe adawapekera pa maukwati, pa maliro ndi pa tsiku lomwe denga la msika lidagwa. Zambiri mwa izo ndinazizindikira, zinali m'buku mwanga pansi pa mayina a amuna olemekezeka, ena mwa iwo atakhala kutsogolo komweko.

Woimira boma atanena kuti zonsezo ndi mphekesera, Anangondo anati kutsutsa galu n'kukumba, makina awo abwere. Anthu anayi anawanyamula kuchokera ku msika n'kuwaika pakati pa khoti. Anangondo anakhala pansi, anatenga kansalu, mapazi n'kuyamba kupalasa. Kwa kanthawi kunkangomveka makina okha. Kenaka anayamba kung'ung'udza, ndipo mawu anabwera. Anaimba za woweruza amene wavula nsapato kunsi kwa tebulo, sokosi yakumanzere itabooka, chala chachikulu chikusuzumira kuti chimve nawo mlandu. Anthu onse anawerama kuyang'ana kunsi kwa tebulo, ndipo chala chinalipo. Pofika ulendo wachiwiri khoti lonse linkavomera, ineyo ndili m'gulu la mawu a besi.

A Chisinzo anavala nsapato zawo n'kupereka chigamulo. Anati khoti laona ndi maso ake umboni wamphamvu woti makolo akugwirabe ntchito pakati pathu, ndipo amagwira mwachangu. Mayiyu alibe mlandu, ndi mfulu, azipita kwawo.

Ndaonapo anthu akulira pomangidwa. Aka kanali koyamba kuona munthu mapewa akugwa chifukwa chomasulidwa. Anangondo anaima pafupi ndi makina awo, dzanja lili pagudumu, kuseka konse kutatha m'chipindamo.

"Bwana woweruza," anatero motsitsa mawu, "ngakhale wakuba nkhuku mumamulemba dzina."

A Chisinzo anatseka buku lawo n'kunyamuka. Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinadziwa kuti dzanja lomwe linawafikitsa pamenepo ndi langa. Ndinaganiza zoimirira kuti ndinene kanthu. Ndinaganiza mwamphamvu ndithu, mpaka anthu onse anatuluka.

Anangondo anachita apilo kwa mfumu, kudandaula kuti amasulidwa mopanda chilungamo. Mwina pakanakhala nthawi ina pepala lawo likanasochera, koma chikondwerero chinali chitatsala masabata awiri, nyimbo yatsopano panalibe, ndipo dziko lonse linkaimba za thalauza. Mfumu inaitanitsa aliyense ku bwalo lake. Inalankhula kwa maola awiri za nzeru za agogo ake ndi za mvula yomwe inagwa chaka chomwe iyo inabadwa, kenaka inafika pa nkhani. Inati lamulo likunena kuti nyimbozi ndi za makolo, ndipo lamulo silingalakwe. Inatinso dziko lonse laona nyimbo zikutuluka mwa mayiyu, ndipo maso a dziko la Sindilakwa sangalakwe. Choncho yankho ndi limodzi, loonekeratu kwa aliyense wa mutu wachifumu: mayiyu ndi mmodzi wa makolo. Kuyambira tsiku limenelo Fanesi Nangondo awerengedwe pakati pa omwe adatitsogolera, ndipo nyimbo zake zonse zilembedwe m'dzina lake, monga malemu.

Tinawomba m'manja, ndipo ine ndinali mwa oyambirira. Mfumu inakweza dzanja kuti sinathe. Inati popeza malemu sachita malonda, khonde la ku msika liperekedwa kwa wina, ndipo makina apita ku nyumba yosungira zinthu zakale kuti mibadwo iziwaona. Malemu salankhulanso pa bwalo, sachita apilo, ndipo pa zikondwerero amakhala pamkeka mwakachetechete. Koma poti ndi mfumu yachifundo, inawalola kusankha. Akafuna abwerere ku khonde lawo ali moyo, nkhani ya dzina n'kuthera pomwepo.

Anangondo anayang'ana mapazi awo. Makina amenewo anali atawapalasa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ana awo anayi anakulira pa iwo. Kenaka anafunsa funso limodzi.

"Nyimbo ya Mwandida nayo ilembedwa?"

Mfumu inati nayonso. A Pulofesa sanabe kanthu, adangolandira kuchokera kwa makolo, umene ndi ulemu waukulu, ndipo chisoti asunge.

"Ndiye ndamwalira, mfumu," anatero Anangondo.

Kulemba kunagwera ine. Chidindo cha makolo chinalibe mzere, choncho ndinatenga rula n'kujambula mzere ndi dzanja, koyamba m'moyo wanga wa ntchito kuchita chinthu chomwe palibe anandiphunzitsa. Ndinafufuta dzina la a Pulofesa n'kulemba kuti "Malemu Fanesi Nangondo". Iwo anaima pambali panga akuyang'ana chilembo chilichonse. Nditamaliza anaika chala chawo chachikulu pa mawu akuti malemu, n'kuyang'anitsitsa zotsalazo. Ndinawafunsa ngati sakuona kuti mtengo wake wakula. Anati wakuladi, koma ku Tsitsaniko adaphunzira kuti chinthu chikakhala chimodzi chokha mumsika sutsitsa. Anapukuta maso ndi nsonga ya tepi yawo n'kutuluka.

Panali chinthu chimodzi chomwe mutu wachifumu sunaone, ndipo anachitulukira ndi amayi ovina tsiku loyeserera. Dzuwa la Sindilakwa tsopano inali nyimbo ya makolo, ndipo nyimbo ya makolo sisinthidwa. Inayenera kuimbidwa momwe mwini wake adaipekera. A Kadzitame anatsegula lamulo, analitseka, analitsegulanso, koma ndime yachitatu inali pomwepo. Choncho pa tsiku la chikondwerero, pabwalo lalikulu la masewero, malipenga anakhala chete. Amayi mazana atatu ovala nkhope ya mfumu anaima osavina, n'kuimba pang'onopang'ono za dzuwa lomwe lalowa masana, za mwana wosiyidwa pamphasa, za mkulu amene akuitana dzina la mng'ono wake popanda woyankha. Aliyense pabwalopo anali ndi wake amene adapita nthawi isanakwane, ndipo anthu analira osabisa. Ine ndinalira mpaka kolala inanyowa. Mfumu inaona misozi ya anthu zikwizikwi, inagwidwa nayo mtima, ndipo inauza nduna zake kuti sinkadziwa kuti imakondedwa chonchi. Anangondo anali pamkeka wawo chapambali, osalankhula monga mwa lamulo, milomo yokha ikuyenda.

Moyo wa malemu sunali wophweka. Khonde lawo linapita kwa mlamu wake wa a Kadzitame, yemwe ankagulitsa mabatire. Iwo ankasoka ndi singano yapamanja kunyumba, diresi limodzi masiku anayi, ndipo makasitomala ankati akupita ku manda kukatenga zovala. Anthu a mumsika ankawapatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji, malemu?" iwo n'kuyankha kuti kumeneko n'kozizira koma misonkho kulibe. Ndinawaona tsiku lina ku nyumba yosungira zinthu zakale, atakhala pabenchi la alendo moyang'anana ndi makina awo omwe anali kuseri kwa galasi. Sanandione. Mapazi awo ankapalasa pansi pa simenti, ndipo ndinabwerera pakhomo pomwepo osalowa.

Lolemba lotsatira chikondwerero ndinafika ku ntchito n'kupeza mzere wa amayi kuyambira pakhomo la kachipinda kanga, kudutsa pabwalo, mpaka ku msewu. Analipo amayi a usipa, aphunzitsi awiri, namwino ali ndi yunifolomu yake, amayi a kwaya ya tchalitchi, ndi ena ochokera ku midzi ya kutali fumbi lili m'miyendo. Aliyense anali ndi pepala m'manja. Ndinafunsa woyamba, mayi wa tomato uja, chomwe ndingawathandize.

"Tabwera kudzamwalira, achimwene," anatero. "Tiyambe ndi ndani?"

Ndinathamangira kwa a Kadzitame. Anaunika chilengezo cha mfumu ndipo anapeza kuti sichinatchule chiwerengero cha makolo omwe dziko lingakhale nawo. Kufunsa mfumu kukanaoneka ngati kunena kuti inaiwala kanthu, ndipo palibe anafuna kunyamula uthenga wotere. Anandiuza kuti ndizilemba. Ndinabwerera, ndinakhala pansi, n'kuyamba. Aliyense ndinkamufunsa dzina, mutu wa nyimbo, ndi ngati akumvetsa kuti kuyambira lero ndi malemu. Aliyense ankati akumvetsa. Ena ankaseka, ena ayi. Pofika masana ndinali nditamwaliritsa amayi makumi atatu ndi asanu ndi awiri, ndipo ndinkada nkhawa kuti sabata ikamatha mumsika mutsala ndani woti azitigulitsa ndiwo.

Chakumadzulo dzanja likuwawa, ndinaitana wotsatira osadzutsa mutu. Pepala linaikidwa patebulo, ndipo dzanja lomwe linaliika ndinalidziwa. Linali ndi chipsera cha mafuta otentha pamwamba pa chala chachiwiri. Ndinakweza maso. Anali akazi anga, amake Tadala, omwe ndinawasiya m'mawa akusesa pabwalo, omwe ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi chimodzi. Papepalapo panali mitu ya nyimbo zisanu ndi zinayi. Zitatu mwa izo ndinkaziliza mluzu posamba tsiku ndi tsiku, ndikuganiza kuti ndinazimva pa wailesi.

"Nanunso?" ndinatero.

"Lembani, abambo ake Tadala. Anthu akudikira."

Ndinajambula mzere. Ndinaika cholembera pachiyambi pake, ndipo chinaima pomwepo. Chibadwire Tadala ndinkawaitana amake Tadala, Tadala asanabadwe ndinkawaitana mayi, ndipo pouza anzanga ndinkati akunyumba. Dzina lawo ndinalitchula pamaso pa abusa tsiku la ukwati, zimenezo ndikukumbuka, ndikukumbukanso jekete yomwe ndinavala. Ndinafufuza m'mutu monse. Munali ndime zitatu za lamulo, mayina a mafumu anayi ndi nyimbo ya thalauza. Ndinakhosomola, n'kutulutsa mawu anga a ntchito.

"Dzina?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti adziwa kuti sindikufunsa chifukwa cha lamulo. Sanakwiye, ndipo zikanandipepukira akanakwiya. Anawerama pang'ono kuti amayi akumbuyo asamve.

"Lonesi," anatero. "Lonesi Nachanza. Ndikutchulireni chilembo chimodzichimodzi?"

Ndinati inde.